Asilikali a Iraq atachotsedwa ntchito mu 2003: zomwe olamulira anachita ndi zomwe zinatsatira

Pa 23 May 2003, L. Paul Bremer, amene dziko la America linamuika kuti alamulire Iraq boma la Saddam Hussein litagwa, anasaina lamulo lachiwiri la ulamuliro wake. Ndi chikalata chachifupi choti munthu amachimaliza pa mphindi zochepa, koma chinathetsa gulu lonse la nkhondo la dzikolo, anthu pafupifupi 400,000, pamodzi ndi unduna wa zachitetezo, nthambi za ukazitape ndi magulu ena onyamula zida. Ife amene ntchito yathu ndi yolandira zida, kumasula asilikali ndi kuwabwezera kwawo nkhondo ikatha, nkhaniyi timaibwereza kawirikawiri pophunzitsa anzathu atsopano, chifukwa zonse zimene timaopa zinachitikira pamalo amodzi m'miyezi yowerengeka.

Anthu amakangana ngati gululi linayenera kuthetsedwa kapena ayi. Ine mkangano umenewo sundidetsa nkhawa kwenikweni. Gulu la nkhondo limatheka kuthetsedwa, ndipo mayiko ena achitapo. Chimene chinaononga ku Iraq ndi kayalidwe ka ntchito: asilikali anachotsedwa asanalembedwe m'kaundula, nkhokwe za zida zili pululu, ndipo palibe amene anawauza tsiku lolandira ndalama. Olamulira ankawaopa, koma njira zimene anasankha zinachititsa kuti asadziwenso kumene anthu owaopawo akukhala.

Gulu lomwe linathetsedwa

Gulu la nkhondo la Iraq linakhazikitsidwa pa 6 January 1921, zaka 47 chipani cha Ba'ath, chomwe chinali chipani cha Saddam, chisanalande boma mu 1968. Akuluakulu ambiri a asilikali ankadziona ngati antchito a dziko osati a chipani, ngakhale kuti aliyense wofuna kukwezedwa ankayenera kukhala ndi khadi la chipanicho. Gululi silinali chinthu chimodzi. Pansi panali asilikali wamba, ochuluka mwa iwo anyamata olembedwa mokakamiza, ambiri a Chishia, olandira tindalama tosagula kanthu. Pamwamba panali akuluakulu, ambiri a Chisuni. Kenako panali Republican Guard ndi Special Republican Guard, magulu okondedwa oteteza ulamuliro, komanso Fedayeen Saddam ya mwana wake Uday. Saddam mwiniwake asilikali wamba sankawakhulupirira, moti ankawaika kutali ndi Baghdad. Gulu lomweli ndi lomwe linamenyana ndi Iran kuyambira 1980 mpaka 1988, linapha Akurdi pa nkhondo ya Anfal mu 1988, linalowa m'dziko la Kuwait mu 1990, ndipo linapondereza Ashia ndi Akurdi amene anaukira boma mu 1991.

Nkhondo inayamba pa 20 March 2003, Baghdad n'kugwa pa 9 April. Nkhondoyo isanayambe ndiponso ili mkati, ndege za America zinkamwaza timapepala touza asilikali a Iraq kuti asamenye nkhondo. Ambiri sanamenyedi. Anavula yunifolomu, kutenga mfuti, ulendo wa kwawo. Malo a asilikali amene anawasiya anthu anawakokolola mpaka mawaya a magetsi, mapaipi ndi mafelemu a mawindo. Mu March momwemo, Pulezidenti George W. Bush anali atavomereza dongosolo losunga asilikali wamba kuti athandize kumanganso dziko, n'kuthetsa magulu okondedwa okhawo. Ofesi ya Jay Garner, amene ankayang'anira Iraq m'malo mwa America Bremer asanafike pa 12 May, inkatsata dongosolo limenelo.

Zimene lamulo linanena

Ndi bwino kuliwerenga lamuloli mzere ndi mzere, chifukwa choopsa chake chili m'timawu tating'ono. Linafafaniza maudindo onse a usilikali. Linamasula onse olembedwa mokakamiza. Linati aliyense wogwira ntchito m'mabungwe othetsedwawo wachotsedwa kuyambira pa 16 April, ndiye kuti munthu anamva pa 23 May kuti ntchito inamuthera masabata 5 apitawo. Linalonjeza kuti ochotsedwa adzalandira ndalama yotsazikira, osatchula kuchuluka kwake kapena tsiku lake. A penshoni akale, kuphatikizapo amayi amasiye a asilikali ofera kunkhondo, linati azilandirabe.

Ndime yovuta kwambiri ndi yokhudza akuluakulu. Sabata imodzi m'mbuyo mwake, pa 16 May, Bremer anali atasaina lamulo loyamba lochotsa pantchito za boma mamembala a chipani cha Ba'ath a m'magawo 4 apamwamba. Lamulo lachiwirili linawonjezera kuti aliyense amene anali ndi udindo wa Colonel kapena woposa pamenepo azitengedwa ngati mkulu wa chipani, asalandire kalikonse, pokhapokha atapereka yekha umboni woti sanali. Taganizirani munthu wa zaka 50, wavala yunifolomu kuyambira ali mnyamata, anamenya nkhondo ya Iran, mwina ali ndi chipolopolo m'thupi, akuuzidwa kuti udindo alibe, penshoni alibe, ndipo ndi wolakwa kufikira atadziyeretsa kwa mlendo. Munthu ameneyu ndiye amadziwa kumene kunakwiriridwa mabomba, amadziwa kukonza chiwembu chankhondo, ndipo anyamata mazana ambiri amamuimikirabe sawasha akakumana naye pamsika. Msilikali wamba wokwiya ali yekha ndi vuto la apolisi. Akakwiya Colonel amene anyamata ake akumumverabe, ndiye kuti gulu la nkhondo lilipo ndithu, kungoti boma silikuliona.

Olemba lamuloli sanali opanda mfundo, ndipo lipoti loona liyenera kuzitchula. Walter Slocombe, mlangizi wamkulu wa Bremer pa zachitetezo, ankanena kuti gululo linali litadzithetsa lokha, ndipo kunalibe malo ogona, chakudya kapena galimoto zoti angaliitanirenso. Anyamata okakamizidwa aja sakanabwerera mwa kufuna kwawo kwa akuluakulu amene ankawazunza. Atsogoleri a Akurdi ndi a Ashia, amene ndi ochuluka m'dzikomo, sakanalola kuona akazembe a Anfal ndi a 1991 atavalanso nyenyezi paphewa. Zonsezi n'zoona. Koma mfundozi zikungosonyeza kuti gulu lakalelo silikanadzuka monga linalili. Sizikufotokoza chifukwa chosiyira anthuwo chimanjamanja, osawalemba n'komwe.

Kaundula amene sanalembedwe

Anthu akunja kwa ntchito yathu amaganiza kuti chachikulu ndi mulu wa mfuti zomwe amaziona pazithunzi zikutenthedwa. Chachikulu ndi tebulo. Msilikali amafika pamalo osonkhanira, apereka mfuti, mlembi alemba nambala yake. Apita patsogolo, amujambula chithunzi, adinda zala, anena dzina, udindo, gulu lake, dzina la mtsogoleri wake, kwawo, wachibale wapafupi, ntchito imene amaidziwa, ndi kumene akufuna kukakhala. Mtsogoleri wake amakhala pambali kutsimikiza kuti uyu ndi wangadi. Achipatala amupima, alandira chiphaso, ndalama yoyamba ndi ya ulendo. Zachinyengo sizilephera: atsogoleri amalowetsa azilamu awo amene sanagwirepo mfuti, amabisa anyamata awo odalirika, ndipo mfuti zoyamba kubwera zimakhala zadzimbiri, zabwinozo zili pansi pa nthaka. Timazidziwa zimenezi ndipo timalemba ndithu, chifukwa kaundula wa mabodza pang'ono amaposa kukhala opanda kaundula.

Ubwino wake umaoneka pa malipiro. Ndalama sitiipereka yonse kamodzi. Timaigawa, munthu azikalandira mwezi ndi mwezi kapena pakatha miyezi iwiri pamalo apafupi ndi kwawo. Amene akudikira cheke cha mwezi wamawa sasamuka chisawawa, ndipo ali ndi choti angataye akalowa m'tchire. Amene wasiya kubwera kudzalandira, ofesi imadziwa msanga n'kufunsa kuti ali kuti. Ambiri amaona malipirowa ngati chifundo kapena mphotho kwa anthu opha anzawo, ndipo ndimamvetsa kuwawa kwake kwa oferedwa. Koma kumbali ya chitetezo, palibe kazitape amene angalondole anthu 200,000 bwino kuposa mlembi wa malipiro.

Ku Iraq poyambira panalipo. Colonel Paul Hughes wa ku ofesi ya Garner anali akukambirana ndi gulu la akuluakulu a asilikali a Iraq, ndipo iwo anali atasonkhanitsa mayina oposa 100,000 a asilikali okonzeka kulembetsa kuti alandire madola 20 a msangamsanga, monga ankalandirira ogwira ntchito m'boma. Anthu amenewa ankadzibweretsa okha, ndi mayina awo enieni. Lamulo litatuluka, ntchito imeneyo inaima, ndipo akuluakulu amene anaika mbiri yawo pachiswe pogwirizana ndi Amerika anasanduka choseketsa kwa anzawo.

Zida nazo zinali mbwee. Tsiku lomwelo la 23 May kunatuluka lamulo lachitatu lokhudza zida, ndipo kuyambira pa 1 mpaka pa 14 June anthu anapatsidwa mwayi wopereka zida zikuluzikulu popanda mlandu. Zomwe zinabwera zinali zochepa zedi, komanso lamulolo linkalola munthu kusunga mfuti ya AK-47 kunyumba. Choopsa koposa chinali nkhokwe za boma lakale, zochuluka kuposa asilikali oti azilondere. Mu October 2004 bungwe la IAEA, loyang'anira za nyukiliya padziko lonse, linauza United Nations kuti pamalo amodzi okha, Al Qa'qaa kum'mwera kwa Baghdad, panasowa matani pafupifupi 340 a wonga wamphamvu. Mabomba okwirira m'mbali mwa msewu, amene anapha asilikali ambiri a America m'zaka zotsatira, kawirikawiri ankapangidwa ndi zipolopolo za mizinga zochokera m'nkhokwe zoterezi.

Mwezi umodzi wa chete

Kuyambira pa 23 May mpaka pa 23 June, asilikali ochotsedwa sanamve kalikonse za ndalama. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo; lonjezo lopanda tsiku banja silingadye. Zionetsero zinayamba patangopita masiku ochepa, ku Baghdad pachipata cha nyumba yachifumu yomwe Bremer anaisandutsa likulu lake, komanso ku Mosul ndi ku Basra. Ena mwa ochita zionetserowo ankanena poyera pamaso pa atolankhani kuti akapanda kulipidwa atenga zida. Ku Mosul, mzinda umene unatulutsa akuluakulu a asilikali ochuluka kwambiri, General David Petraeus anadandaula ku Baghdad kuti nkhaniyi ikuika asilikali ake pangozi. Pa 18 June, pachipata chija cha ku Baghdad, gulu la anthu linagenda galimoto za asilikali a America, mfuti inalira, anthu awiri mwa ochita zionetsero n'kufa.

Patatha masiku 5, pa 23 June, olamulira analengeza kuti asilikali a ntchito yokhazikika, mpaka 250,000, azilandira madola 50 mpaka 150 pamwezi molingana ndi udindo, ndipo okakamizidwa aja alandira kamodzi kokha. Kulipira kunayamba mu July. Ndalamazi zikanalengezedwa m'chikalata chomwe chija cha 23 May zikanamveka ngati ulemu kwa anthu amene anamvera n'kusamenya nkhondo. Pobwera pambuyo pa maliro, uthenga umene aliyense anatolapo ndi woti boma ili limamva miyala ndi magazi. Ndalama yake ndi yomweyo, koma inagula zochepa.

Kalipiridwe kakenso kanali kosokonekera. Anthu masauzande ankaima padzuwa pamalo ochepa olipirira, ena n'kubwezedwa chifukwa dzina silikupezeka. Pa 4 October 2003 mizere ya olandira madola 40 inasanduka zipolowe ku Baghdad ndi ku Basra, anthu n'kufa. Mzere wolandirira ndalama ndi malo oopsa kulikonse: mu December chaka chomwecho ku Liberia, ntchito yolandira zida inaimitsidwa patangopita masiku ochepa chifukwa omenya nkhondo anabwera ochuluka kuposa amene anakonzekeredwa, atapeza kuti ndalama palibe n'kuyamba kuombera m'misewu ya Monrovia. Malamulo ake ndi osavuta, malo olipirira akhale ambiri, aliyense adziwiretu tsiku lake, ndipo pakhale tebulo lapadera la madandaulo kuti wobwezedwa asabwerere kumzere akukuwa.

Gulu latsopano ndi kubwerera m'mbuyo

M'malo mwa gulu lakale, olamulira anakonza lina la asilikali 40,000, loti limangidwe pang'onopang'ono. Ndiye kuti mwa anthu 10 alionse ochotsedwa, malo analipo a mmodzi. Gulu loyamba la anthu pafupifupi 700 linamaliza maphunziro ku Kirkush mu October 2003, koma pofika December pafupifupi 300 anali atachoka, ambiri chifukwa cha kuchepa kwa malipiro. Mu April 2004 gulu lachiwiri linakana kupita kukamenya nkhondo ku Fallujah. Kumeneko asilikali a America anachita chimene lamulo lija linakana: anasonkhanitsa asilikali akale n'kuwapatsa mtsogoleri wawo wakale, General Jasim Mohammed Saleh, amene analowa mumzindawo atavala yunifolomu yake yakale. Patangopita masiku ochepa anamuchotsa n'kuika Muhammed Latif, ndipo pofika September gulu lonselo linathetsedwa, zida zake zambiri zitapita kwa zigawenga. Ena amatenga Fallujah ngati umboni woti asilikali akale sakanadalirika. Ine ndimaona kuti anaitanidwa chaka chitatha, mothamanga, popanda kuwasefa, ambiri atasankha kale mbali.

Pa 23 April 2004 Bremer anavomereza poyera kuti lamulo lochotsa a Ba'ath linkagwiritsidwa ntchito mopanda chilungamo, ndipo akuluakulu ena a asilikali anayamba kuloledwa kubwerera. Ulamuliro wake unatha pa 28 June 2004. Mu November 2005 boma la Iraq linaitana asilikali akale a udindo wa meja kutsika pansi kuti abwerere pantchito, ndipo mu January 2008 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano lofewetsako zina, kuphatikizapo za penshoni. Ngakhale funso loti analamula kuthetsa gululi ndani linadzakhala mkangano: mu 2007 Bush ananena kuti mfundo inali yosunga asilikali, Bremer n'kutulutsa makalata osonyeza kuti anamudziwitsa pa 22 May.

Njira ina imene inagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi kumanga. Asilikali akale ambiri anagwidwa pa zipikisheni n'kutsekeredwa ku Abu Ghraib ndi ku Camp Bucca, mosakanikirana ndi anthu a magulu achipembedzo oopsa. Mbali ina inali ndi luso la nkhondo ndi ukazitape, inayo inali ndi chikhulupiriro ndi anyamata okonzeka kufa, ndipo ndende inawapatsa nthawi yodziwana. Samir al-Khlifawi, wodziwika kuti Haji Bakr, amene anali Colonel m'gulu lakale, anakhalako m'ndende zimenezi n'kudzakhala mmodzi mwa okonza gulu la Islamic State. Abu Abdulrahman al-Bilawi, naye msilikali wakale, ndiye anakonza chiwembu cholanda Mosul, mzinda umene unagwa pa 10 June 2014 iye ataphedwa masiku ochepa m'mbuyo mwake.

Apa pafunika kusamala. Unyinji wa asilikali ochotsedwa sunalowe uchigawenga. Anthu anayendetsa matakisi, kugulitsa petulo m'zigubu, kulowa upolisi, ena kuthawira ku Syria ndi ku Jordan. Bomba limene linaphulitsa likulu la United Nations ku Baghdad pa 19 August 2003, n'kupha anthu 22 kuphatikizapo nthumwi ya bungweli ku Iraq, Sérgio Vieira de Mello, linali la gulu la Abu Musab al-Zarqawi, munthu wa ku Jordan amene sanakhalepo m'gulu la nkhondo la Iraq. Oopsa enieni anali ochepa. Vuto n'lakuti popanda kaundula, olamulira analibe njira yosiyanitsira ochepawo ndi ambiriwo, choncho ankawakayikira onse, ndipo chipikisheni chilichonse chinkakankhira ena kumbali ya ochepa aja.

Zaka pafupifupi 10 nkhondo ya Iraq ya 2003 isanachitike, dziko la Mozambique linachita ntchito ngati yomweyi pogwiritsa ntchito ndalama zochepa kwambiri. Pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wosainidwa ku Rome pa 4 October 1992, asilikali pafupifupi 92,000 a boma ndi a Renamo anasonkhanitsidwa, kulembedwa ndi kumasulidwa. Analandira malipiro a miyezi 6 kuchokera ku boma, kenako a miyezi ina 18 kuchokera kwa mayiko othandiza, omwe ankakatenga kubanki m'maboma akwawo miyezi iwiri iliyonse, akuluakulu kulandira zochulukirapo. Sikunali kosalala: anthu ankaukira m'misasa chifukwa chochedwa kumasulidwa, zida zambiri zinabisidwa, ndipo dandaulo la penshoni la asilikali a Renamo linathandiza kuti mfuti zilirenso mu 2013. Komabe zaka ziwiri za cheke zinakwana kuti anthu akwatire, alime, azolowere, ndipo chisankho cha October 1994 chinachitika mwamtendere. Gulu latsopano linakonzedwa kuti likhale la asilikali 30,000 koma odzipereka anali pafupifupi 12,000 okha. Ambiri anasankha kupita kwawo.

Ku Iraq, tebulo lija linadzayalidwa mu 2007. Mafuko a Asuni a ku Anbar ataukira al-Qaeda kuyambira mu 2006 motsogozedwa ndi Abdul Sattar Abu Risha, asilikali a America anayamba kulemba amuna okhala ndi zida, ambiri mwa iwo asilikali akale ndi zigawenga zakale, m'magulu otchedwa Sahwa. Anawajambula, kuwadinditsa zala, n'kumawalipira madola pafupifupi 300 pamwezi kuti azilondera madera awo. Chiwerengero chinafika pafupifupi 100,000, ndipo kuphana kunatsika kwambiri, ngakhale kuti panalinso zifukwa zina monga kuwonjezeredwa kwa asilikali a America ndi kuimitsa nkhondo kwa gulu la mtsogoleri wachipembedzo wa Ashia, Muqtada al-Sadr.

Kuyambira mu October 2008 magulu amenewa ndi mayina awo anaperekedwa m'manja mwa boma la Nouri al-Maliki, limene linalonjeza kulowetsa 20 mwa 100 alionse m'magulu achitetezo n'kupezera otsalawo ntchito zina. Bomali linkawaona ngati adani amene angovala chovala china. Malipiro anayamba kuchedwa miyezi, ntchito zolonjezedwa zinabwera zochepa ndiponso zapansi, atsogoleri ena anamangidwa, moti mu March 2009 kumangidwa kwa mtsogoleri wa Sahwa wa dera la Fadhil ku Baghdad kunabutsa kuomberana kwa masiku awiri. Amuna amene anapereka mayina, zithunzi ndi zala zawo kwa wolipira wina anapezeka kuti zonsezo zili kwa boma lowakayikira, pomwe al-Qaeda inkawasaka mmodzimmodzi m'nyumba zawo. N'chifukwa chake masiku ano tisanayale tebulo, timayamba talemba m'pangano kuti kaundula adzasungidwa ndi ndani ntchito ikatha, ndani adzaloledwa kumuona, ndiponso malipiro adzachokera m'thumba liti othandiza akadzapita kwawo.